Kumwa ma ARV Pamene Shire ndi Ruo Zasefukira: Zomwe Zidandichitikira

Kwathu ndi kutsidya la kummawa kwa mtsinje wa Shire, dera lomwe ambiri amalitcha East Bank, chakumunsi kumene Ruo amathira mu Shire. Ndakhala ndikumwa ma ARV kuyambira m'chaka cha 2012, pamene ndidapezeka ndi kachilombo ka HIV kusikelo ya amayi oyembekezera. Nthawi imeneyo boma lidali litangoyamba kumene, mu 2011, ndondomeko yakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo, osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Mwana amene ndidali naye pakati adabadwa wopanda kachilombo ndipo lero ali pasukulu. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga a m'chigwa muno amene amamwa mankhwala mokhulupirika chaka chonse, koma madzi akangobwera amasiya, ndipo ena mwa iwo sabwereranso kuchipatala mpaka atadwala kwambiri.

Munthu amene sadakhaleko ku Chikwawa kapena ku Nsanje amavutika kumvetsa kuti madzi amene amatipha ife nthawi zambiri si a mvula yogwa kwathu kuno. Mvula imagwa kumapiri a Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre, ndipo madzi ake ambiri amatsikira m'chigwa kudzera mu Ruo ndi m'timitsinje ta m'mapiri monga Livunzu, Nkhate ndi Thangadzi, timene m'chilimwe timakhala mchenga wokhawokha koma m'dzinja timakokolola milatho. Msewu wochokera pa Thabwa kulowera ku Muona ndi ku Makhanga umadutsa timitsinje timeneti, kotero kuti mlatho umodzi ukapita ndiye kuti galimoto yobweretsa mankhwala, njinga yamoto yonyamula magazi opita kukayezedwa, ndi ambulansi, zonse zaima. Chithandizo cha ma ARV chimatsamira pa zinthu zitatu zimene madzi sazilemekeza: tsiku lomwe adakulemberani kuti mudzabwere, msewu wopita kuchipatalako, ndi buku lanu lakuchipatala.

Mu Januwale 2015 madzi adatipeza usiku. Ndidabereka mwana, n'kutola jumbo ya zikalata imene idali pakhoma, ndipo botolo la mankhwala ndidalimangirira pa mfundo ya chitenje monga timamangira ndalama. Tidakwera pachulu ndi anthu ena ambiri mpaka kudacha, kenako amuna a mabwato adatiolotsera kusukulu imene ili pamalo okwera, yomwe idasanduka msasa wa anthu othawa madzi. Botolo lidapulumuka, koma mudali mapiritsi ochepa chifukwa tsiku langa lokatenga ena lidali litayandikira. Buku lakuchipatala lidanyowa m'jumbo muja mpaka masamba ake adamatana, inki n'kusungunuka, moti ngakhale nambala yanga ya ART, imene amandidziwira polandira ma ARV, sinkawerengeka. Chipatala chathu chaching'ono nachonso chidalowa madzi, makadi a odwala ndi makatoni a mankhwala zili momwemo. Chaka chimenecho Pulezidenti adalengeza kuti maboma 15 ali pangozi, ndipo dera la Makhanga lidasanduka chilumba chofikako pa bwato kapena pa helikopita basi.

Zimene ndidaona pamsasa paja ndizo zidandiphunzitsa kuti msewu woduka si mdani yekhayo. M'kalasi imodzi tinkagona amayi ndi ana ochuluka kwambiri, mphasa kugundana ndi mphasa, ndipo woyandikana nawe adali apongozi ako, mlamu wako, kapena mayi wa kumpingo kwanu. Kunyumba munthu amakhala ndi kangodya kake kobisirako botolo, kaya m'sutikesi pansi pa zovala, kaya kudenga. Pamsasa palibe kangodya. Botolo la ma ARV limalira likagwedezeka, ndipo aliyense m'chigwa muno amalidziwa kaliridwe kake ndi maonekedwe ake. Mayi wina amene ndinkakumana naye pamzere kuchipatala, ndipo tinkangopatsana moni wa maso osalankhulana, ndidamuona akufinyira kansalu m'botolo kuti mapiritsi asamveke, ndipo ankadikira mpaka anthu onse atagona kuti apite kuchimbudzi kukameza piritsi lake popanda madzi. Usiku umene kunja kudali mvula yambiri kapena mwana wake akulira, sankamwa. Wina, yemwe adali asanawauze amuna ake, adataya botolo lake dala m'madzi tsiku loyamba lomwelo, poopa kuti katundu akamasulidwa pagulu chinsinsi chake chiululika.

Azaumoyo atafika pa bwato adayala katundu wawo pansi pa mtengo pakati pa bwalo la sukulu, ndipo mmodzi mwa atsogoleri a pamsasa adakuwa kuti onse omwa ma ARV apite uko akalembetse. Sindikukayika kuti adanena ndi mtima wabwino, koma anthu amene adaimirira adali owerengeka, pamene ine ndinkadziwa ndi maso anga kuti tidalipo ambiri. Ndidalimba mtima n'kupita, ndipo nditafika ndidauza namwino motsitsa mawu kuti, "Anesi, anzanga alipo ambiri m'makalasimu, koma pabwalo pano sangabwere." Adandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga amayi, tichite bwanji kuti tiwapeze?" Ndidawapempha kuti apemphe ofesi ya aphunzitsi aakulu, ndipo aliyense wodwala, kaya ndi malungo, kaya chifuwa, kaya BP, aime pamzere umodzi n'kumalowa mmodzimmodzi, chitseko chotseka. Ulendo wotsatira adachita zomwezo, ndipo amayi aja amene ankabisala adalowa ngati odwala ena onse, n'kutuluka botolo lili m'chitenje.

Komabe azaumoyowo asanabwere ndi mankhwala okwanira, anga adali atatha, ndipo ndidakhala masiku angapo osamwa. M'thupi sindidamve kusintha kulikonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Ma ARV sapha kachilombo kotheratu. Amakagonetsa kuti kasaswane. Munthu akasiya kumwa, mphamvu ya mankhwala m'magazi imatsika pang'onopang'ono, kachilombo kamadzuka n'kuyamba kuchulukana, ndipo pakangotha sabata zochepa kamakhala katachuluka ndithu ngakhale munthuyo akuyenda, kulima ndi kudya bwinobwino. Choopsa kwambiri ndi kumwa modumphadumpha, kapena kugawa piritsi pakati kuti botolo likhalitse, chifukwa kachilombo kakamaswana pamene m'magazi muli mankhwala ochepa, kamatha kuzolowera mankhwalawo moti tsiku lina adzaleka kugwira ntchito. Mankhwala amene ambiri tinkamwa nthawi imeneyo, otchedwa 5A, kachilombo kankawazolowera msanga. Amene ambiri tikumwa tsopano, 13A kapena TLD, omwe adayamba kuperekedwa mu 2019, ndi olimba kwambiri pa nkhani imeneyi, koma si chilolezo choti munthu azidumphitsa. Amene wakhala masiku osamwa asachite manyazi kubwerera, ndipo asameze mapiritsi awiri kapena atatu kuti alipire masiku otayika. Ayambirenso kumwa limodzi patsiku, awauze adokotala zoona zake za masiku amene adadumpha, ndipo afunse za tsiku loyezetsa viral load, kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Ine nditayezetsa patapita miyezi, kachilombo kadapezeka kuti kagonanso.

Chinthu chimene ambiri pamsasa paja sankachidziwa n'chakuti ma ARV si a chipatala chimodzi. Anthu ankanena kuti, "Kadi yanga ili kuchipatala chathu, kwina sangandipatse." Si zoona. Ma ARV ndi aulere m'dziko muno kuyambira mu 2004, ndipo chipatala chilichonse chimene chimapereka mankhwalawa chikhoza kumuthandiza mlendo amene wapezeka pangozi, kumupatsa oti amufikitse mpaka atabwerera kwawo kapena atasamutsa kadi yake. Chimene chimafulumizitsa zinthu ndi umboni. Ine buku langa lidali litaonongeka, koma ndidali ndi botolo lopanda kanthu lija, ndipo namwino adangowerenga dzina la mankhwala pabotolopo n'kudziwa choti andipatse. Abambo ena amene adataya zonse adafunsidwa kuti amamwa mankhwala ati, iwo n'kuyankha kuti, "Oyera aja, adokotala, aakuluakulu," ndipo padatenga nthawi kuti apeze chenicheni. Kuchokera nthawi imeneyo ndimauza aliyense kuti aloweze pamtima zinthu ziwiri, nambala yake ya ART ndi dzina la mankhwala ake, ndiponso kuti azilembe pakapepala kena kosungitsa kwa munthu wina. Amene ali ndi foni yojambula ajambule tsamba la m'buku lija, koma asadalire foni yokha, pakuti foni imanyowa ndipo pamsasa magetsi otchajira kulibe.

Akuluakulu amati mvula ikakuona litsiro siikata. Madzi a 2015 atakokolola mbewu, chaka chotsatira kudabwera ng'amba, ndipo mu 2016 anthu oposa 6 miliyoni m'dziko muno adafunika thandizo la chakudya. Kwathu kuno amayi ankalowa m'madambo kukazula nyika, mosasamala za ng'ona, kuti ana apeze chotafuna. Njala imachotsa anthu pa mankhwala mwakachetechete kuposa madzi, chifukwa palibe amene amabwera pa bwato kudzafunsa. Ambiri amakhulupirira kuti ma ARV ukamwa pamimba yopanda kanthu amakupha, kotero tsiku limene sadadye samwa. N'zoona kuti munthu wanjala amamva chizungulire ndi kufooka, ndipo sindikupeputsa ululu umenewo chifukwa ndidaumva, koma TLD akhoza kumwedwa munthu atadya kapena asanadye, ndipo kusiya mankhwala kumawonjezera matenda pamwamba pa njala. Amene waonda kwambiri apite kuchipatala akamuyeze sikelo ndi mkono, popeza kumakhala thandizo la chiponde kapena ufa wa phala kwa amene aperewera zakudya m'thupi, makamaka ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Njala imachititsanso kuti abambo apite kutali kukafuna maganyu, ena kuminda ya nzimbe ku Nchalo, ena kutsidya ku Mozambique, ndipo amapita ndi botolo limodzi poganiza kuti abwera msanga, kenako n'kukhalitsa.

Pali nkhani ina yowawa imene pamsasa anthu amainong'ona koma sainena poyera. Pamene thumba la ufa lachepa ndipo mayina a olandira akulembedwa ndi anthu ochepa, atsikana ndi amayi amasiye amanyengereredwa kapena kukakamizidwa kugonana kuti dzina lawo lilowe m'kaundula. Chithandizo cha pangozi ndi chaulere, ndipo aliyense wofuna thupi la munthu posinthana ndi ufa, sopo kapena lona akupalamula mlandu woyenera kukanenedwa kupolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu. Mtsikana kapena mayi amene wagwiriridwa, kapena amene wagonana mosadziteteza ndi munthu amene sakudziwa za magazi ake, afike kwa azaumoyo pasanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala omwa masiku 28 oteteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi. Maola amenewa sadikira kuti msewu ukonzedwe, choncho ngakhale kutakhala kokwera bwato, akwere.

Kutentha kwa m'chigwa muno nakonso kuli ndi mbali yake. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40, pamene pabotolo la mankhwala amalemba kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 30. Kutsomeka botolo kudenga la malata, kapena kulisiya m'tenti masana onse, n'kuwaononga mankhwalawo. Ine ndimaika mabotolo anga m'kachidebe kotsekeka bwino pansi, pafupi ndi mtsuko wa madzi, kumene kumakhala kozizirirako, ndipo kathumba kakang'ono kamene kamakhala m'botolo sindikataya chifukwa ntchito yake ndi kuyamwa chinyontho. Mapiritsi amene alowa madzi, atupa, amatana kapena asintha mtundu, asamwedwe. Apite nawo kuchipatala kuti akawaone ndi kumupatsa ena.

Pofika nthawi ya namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, zinthu zidali zitasinthako. Ambiri amene kachilombo kathu kadagona tidali titayamba kulandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi, ndipo zimenezi zidapulumutsa anthu ochuluka pamene msewu wa M1 udaduka, ndiponso pamene magetsi adazima dziko lonse pa nthawi ya Ana, malo opangira magetsi a Kapichira n'kuonongeka. Koma mankhwala a miyezi yambiri ali ndi vuto lawo: nyumba ikagwa, onse amapita pakamodzi. Gulu lathu lothandizana, limene timakumana kamodzi pamwezi, lidagwirizana kuti aliyense asamasunge mabotolo ake onse pamalo amodzi. Botolo limene ndikumwa limakhala m'jumbo yomanga bwino pamodzi ndi buku lakuchipatala ndi chiphaso cha unzika, pamalo oti ndikhoza kuzitola mumdima ndi dzanja limodzi, ndipo botolo losatsegula ndimakasungitsa kwa achemwali anga amene amakhala kumtunda, m'munsi mwa mapiri. Kuti zimenezi zitheke, padafunika kuti achemwaliwo adziwe za ine. Nditawauza adangoti, "Mng'ono wanga, bweretsa, ndikusungira ngati anga omwe." Sindikunena kuti aliyense aulule kwa mudzi wonse, pakuti aliyense amadziwa yekha anthu amene amakhala nawo, ndipo kusalana kudakalipo. Koma munthu mmodzi wodalirika ndi wofunika, ndipo ndi bwino kumusankha mvula isanayambe.

Freddy adaposa zonse zimene tidaziona. Anthu oposa 1,000 adamwalira m'dziko muno ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala, ndiponso adabwera pamene kolera, amene adayamba mu 2022, adali akupha anthu m'maboma ambiri. Pamsasa zimbudzi zimakhala zochepa, zitsime zimalowa matope, ndipo udzudzu umaswana m'zithaphwi zonse. Munthu amene chitetezo chake chatsika amadwala msanga ndiponso kwambiri, choncho amene adalemberedwa Bactrim asamuone ngati piritsi lapadera lotha kusiyidwa, chifukwa amateteza ku chibayo, ku matenda ena otsegula m'mimba, ngakhalenso ku malungo. Madzi akumwa athiridwe klorini kapena awiritsidwe, ndipo neti ikhale m'gulu la zinthu zoyamba kunyamula. Amene watsegula m'mimba kwambiri kapena akusanza amwe Thanzi ORS ndi kuthamangira kwa azaumoyo, ndipo akafika awauze kuti ali pa ma ARV, chifukwa thupi likatha madzi impso zimavutika, ndipo adokotala ayenera kudziwa mankhwala onse amene munthuyo akumwa. Chimodzimodzinso amene akutsokomola kosalekeza, akutuluka thukuta usiku kapena akuonda, ayezetse TB msanga, popeza m'kalasi yodzaza anthu chifuwa chachikulu chimafala mosavuta.

Amene amandimvetsa chisoni koposa ndi amayi a makanda ndi agogo olera ana amasiye. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo limayenera kumwa mankhwala amadzi oliteteza kwa sabata zisanu ndi imodzi zoyambirira, kenako n'kuyezedwa magazi, ndi kudzayezedwanso likakwanitsa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri. Pa nthawi ya Freddy mayi wina wachitsikana adachira pamsasa pomwepo, m'manja mwa amayi anzake, ndipo adachita mantha kunena kuti ali pa mankhwala. Popeza ndinkamudziwa, ndidakhala naye pambali n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, manyazi ako asamulande mwanayu moyo wake," ndipo tidapita limodzi kwa namwino amene adabwera tsiku limenelo. Mayi woyamwitsa akasiya ma ARV kachilombo kamachuluka mumkaka, koma yankho lake si kumuletsa mwana bere, makamaka pamalo pamene madzi ndi oipa chonchi. Yankho ndi kupeza mankhwala a mayiyo mwamsanga n'kupitiriza kuyamwitsa. Ana amene ali pa ma ARV ali ndi vuto lina, lakuti mulingo wa mankhwala awo umatsata kulemera kwa thupi, ndipo si ofanana ndi a akuluakulu. Agogo amene amangodziwa kuti mdzukulu amamwa mammawa, osadziwa dzina la mankhwala kapena mulingo wake, amasowa chonena akafika kwa azaumoyo achilendo. N'chifukwa chake m'gulu mwathu timawalembera agogo oterewa kapepala ndi kukamata ndi pulasitiki.

Madzi akaphwera mavuto satha. Mabanja ambiri adasamutsidwira kumtunda, ena adapita kwa abale ku Bangula, ku Thyolo kapena ku Blantyre, ndipo kuchipatala chakale amalembedwa kuti adasiya mankhwala pamene ali moyo kwina. Ena akafika kumalo atsopano amayezetsanso magazi ngati anthu achilendo kuti asafunsidwe zambiri, ndipo potero mbiri yawo yonse, ya mankhwala amene adamwapo ndi zotsatira za viral load, imatayika. Njira yoyenera ndi kuwauza azaumoyo a kumalo atsopano dzina la chipatala chakale ndi nambala ya ART, kuti iwo alumikizane ndi kusamutsa kadi mwalamulo. Mu 2024 ng'amba idabweranso, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi, ndipo tidaonanso anthu akubalalika kukasaka chakudya mabotolo ali pafupi kutha.

Tsopano gulu lathu limakhala pansi chaka chilichonse mu Okutobala, mitambo isanayambe kusonkhana kumapiri a Thyolo. Timawerengerana masiku okatenga mankhwala, ndipo amene tsiku lake likugwa pakati pa Januwale ndi Malichi amapita kukapempha adokotala kuti amupatsiretu okwanira kudutsa dzinja. Timagwirizana kuti madzi akabwera ndani adzafunafuna ndani, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu amakhala ndi nambala za foni za atsogoleri a gulu. Kwa a komiti yoona za ngozi m'mudzi, mafumu, ndi onse amene amayendetsa misasa, pempho lathu ndi lakuti pokonza msasa apatule chipinda chimodzi chotsekeka cha azaumoyo kuyambira tsiku loyamba, asaitane odwala potchula matenda awo pagulu, ndipo polemba zosowa za anthu zotumiza ku boma alembemo ma ARV a akuluakulu, a ana, mankhwala a makanda, Bactrim, PEP ndi makondomu pamodzi ndi ufa, nyemba ndi malona, kuti bwato loyamba kufika libwere nazo zonse.